Khosi la Lonjezo

Lonjezo ankapalasa kabaza pakati pa Boma ndi boda. Galimoto za ochita malonda zikamuthira fumbi, ankaziyang'ana mpaka zitazimiririka. Mkazi wake Tabeth ankati mtedza wawo ukukwanira.

Tsiku lina anapita ku Mavwere kwa a Pius, asing'anga odziwa zizimba, kukafuna chuma.

"Mbuzi sindifuna, achimwene," anatero a Pius. "Mundipatse khosi lanu."

"Khosi?"

"Mukakhala m'galimoto yanu musadzacheuke. Mukacheuka, zonse zibwerera kwawo."

"Nanga pobwerera m'mbuyo?"

A Pius anamwetulira. "Galimoto za masiku ano zili ndi diso kumbuyo. Lizikuonerani lokha."

Chuma chinabwera. Lonjezo anagula galimoto yatsopano ya kamera kumbuyo, yolira ikayandikira chinthu. Ankabwerera m'mbuyo akuyang'ana pa sikirini basi. Pasanathe nthawi anazolowera.

Kenako pa sikirini panabwera uthenga wakuti kampani yopanga galimotoyo, ili kutsidya la nyanja, yatseka mpweya wozizira. Palibe makaniko anaigwira. Mwezi wotsatira mawu olondolera njira anangoti zii. Lonjezo anathamangira ku Mavwere.

"Galimotoyi ndinagula ine! Akuichotsa zinthu bwanji ili pakhomo panga?"

"Munagula zitsulo," anatero a Pius. "Zam'katimo zili ndi eni ake. Inenso ndimagwira ntchito chonchi."

Tabeth anamupempha kuti aigulitse. "Bambo a kunyumba, chinthu chomvera anthu ena si chanu ayi."

M'mawa wina wa nthawi yokolola, Lonjezo analiza galimoto kuti atuluke. Sikirini inali bii. Pansi pake panali mawu ochepa akuti ntchito ya kamera yathetsedwa. Anagwira chiwongolero kwa kanthawi. Khosi linafuna kutembenuka, koma anakumbukira njinga ija ndi fumbi lija. Anadziuza kuti kumbuyo kukadakhala kanthu, galimoto ikadalira, ndipo anabwerera m'mbuyo.

Siinalire. Tabeth anali atakhala pansi kuseri kwa galimotoyo, akuyanika mtedza pamphasa, ndipo inamuponda.

Kampaniyo inati zonse zinali m'pangano logulira galimotoyo. A Pius sanapezekenso ku Mavwere.

Lero Lonjezo amayenda pamsika wa Boma khosi litapotokera kumbuyo. Amagunda anthu, amapepesa, koma kutsogolo sayang'ana.

Dyera limakupatsa chinthu koma chingwe chake limasunga lokha. Wofuna chuma cha msanga amapereka maso ake, ndipo tsiku limene awafuna amapeza ali m'manja mwa ena.