Aroni ndi Mipope ya Jeleira

Kwa a Yonasi, okhoma zidebe a ku Nsadzo, kunali pakhomo pa mapemphero ndi ntchito. Nkhondo itakula mu 1971, Mzungu wa kantina, sitolo ya pamudzipo, anathawira ku Tete. Anawasiyira jeleira yake yakufa, firiji ija yoyendera parafini, kuti aiphwasule akhomere anthu zidebe.

A Yonasi anayamba ndi kuchotsa chitseko kuti ana asadzitsekeremo. Kenako anamasula mipope yakuda ya kumbuyo yonse pamodzi, osaidula, nakaikwirira kutali ndi chitsime.

"Malatawa ndi athu, koma mipopeyo ayi," anauza mwana wawo Aroni. "Muli mpweya wolusa. Ukaboola, umadya maso."

Aroni anali atamera kale ndevu, ndipo masiku amenewo ankanunkha kachasu ndi mwano womwe.

"Inu bambo mumaopa chilichonse. Asilikali mumaopa, ankhondo a m'tchire mumaopa, lero mukuopanso chitsulo chakufa?"

"Ndikuopera iwe, mwanawe."

"Maso ndi anga."

Womulimbitsa mtima anali Américo, wotcheza kachasu kuseri kwa dambo. Mpope wake unali utadyeka ndi dzimbiri, ndipo pa nkhondo ngati iyi watsopano akanaupeza kuti?

"Akuluwo akwirira chuma," anatero Américo. "Kafukule. Udzamwa mutu wa kachasu mpaka nkhondo ithe."

Lamulungu m'mawa, makolo ali ku tchalitchi, Aroni anafukula mipope ija, naba sowo ya bambo ake. Américo, monga achitira onse otuma anzawo, anakaima chapatali. Aroni anawerama, nkhope pafupi ndi chitsulo, nayamba kucheka uku akuimba mluzu.

Mpope unangoti tswii, mpweya uja n'kumulavulira kumaso. Anagwa akukuwa, akupempha madzi. Américo anali ataliyatsa kale liwiro.

Atabwerako ku tchalitchi n'kumupeza, a Yonasi anamutsuka m'maso mpaka dzuwa kupendeka, koma msewu wa ku chipatala unali wodzaza mabomba okwirira. Maso onse awiri anayera mbee.

Musaganize kuti analapa msanga. Miyezi itatu yathunthu ankangoti, "Ndikapenyanso, ndikamaliza kucheka." Mwano unamuthera tsiku lomwe mudzi unathawira ku Zambia. Mnyamata wa miyendo yamphamvu uja anayenda atagwira nsonga ya nsalu ya mayi ake, akufunsa chapansipansi ngati kutsogolo kuli mwala. Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale kwa anthu amene iye ankawanyoza.

Achinyamata inu, wamkulu akakwirira chinthu musathamangire kunena kuti ndi mantha. Kachasu amapatsa mwano, koma sanabwezerepo munthu maso.