Mitima Iwiri pa Chithunzi cha Bambo

Mtsikana amene anzake ankamutcha Naphuma anayang'anitsitsa kompyuta ya kusukulu. Chithunzi cha mtima wa bambo ake sichinali bwino.

Pokonzekera mpikisano wa sayansi, iye anajambula kugunda kwa mitima ya anthu a kwawo ndi kachipangizo komvetsera pachifuwa: wa mayi, wa mng'ono wake wakhanda, ndi wa bambo. Aphunzitsi anamupatsa pulogalamu ya Fourier, yolembedwa kale ndi akatswiri.

"Imeneyi imagawa phokoso n'kukuonetsa kugunda kofulumira ndi kochedwa," anatero aphunzitsiwo. "Ikhoza kutenga mitima yonse ulendo umodzi. Koma uiuze pamene chojambula chilichonse chikuyambira ndi kutalika kwake. Uiuzenso ngati manambala ako ndi wamba kapena ndi aja oyenda awiriawiri. Uyambe wawerenga malangizo."

Malangizowo anali aatali, tizilembo take tating'onoting'ono. Naphuma anangokopera chitsanzo chimene anachipeza, n'kudina. Ndiye pa chithunzi cha bambo panatuluka nsonga ziwiri, ina ya kugunda kothamanga ngati kwa mbalame.

Atafika kunyumba anapeza bambo akupukuta nsapato zawo za kuntchito.

"Ababa, mtima wanu uli ndi vuto. Kompyuta yaonetsa."

Bambo anaika nsapato pansi pang'onopang'ono. Achimwene awo anamwalira ndi matenda a mtima, ndipo nkhaniyo m'nyumbamo sinkatchulidwa.

"Watsimikiza, mwanawe?" anafunsa mayi.

"Kompyuta siinama, amayi."

M'mawa mwake bambo sanapite kuntchito. Anakhala pampando wa pawindo atanyamula khanda lija. Mayi ankatsuka mbale zotsukatsuka kale, akupukuta maso ndi mkono. Masana bambo anaitana Naphuma n'kumuonetsa mmene amatsekera madzi paipi ikaphulika. "Uzidziwa zimenezi," anatero, osamuyang'ana.

Naphuma atabwerera kusukulu tsiku lotsatira, aphunzitsi anaona ntchito yake n'kukwinya nkhope.

"Manambala wamba wasankha bwino. Nanga apa? Wauza pulogalamu kuti mtima wachitatu, wa bambo ako, ukuyambira pati?"

Naphuma anawerenga ndi chala. Nambala imene anakopera ija inali yochepa. Pulogalamuyo inayamba kuwerenga isanafike pa chojambula cha bambo, n'kutengako mbali ya cha khanda. Kugunda kothamanga kuja kunali kwa mng'ono wake.

"Konza, si mlandu," anatero aphunzitsi. "Bola sunauze munthu."

Naphuma anagwetsa nkhope. Misozi inadontha patebulo.

Anathamanga njira yonse. Kunyumba anapeza mayi okha. Bambo anali atapita kuchipatala. Atabwera madzulo anati adokotala sanapeze vuto lililonse. Naphuma anagwada n'kufotokoza zonse.

"Ndiye kuti ndimayenda ndi mtima wa mwana wanga?" anatero bambo, n'kuseka pang'ono. Mayi sanaseke. Anatenga khanda n'kulowa kuchipinda, chitseko n'kutseka.

Naphuma anatulutsa malangizo aja m'chikwama. Anayambira pa mzere woyamba, akutchula liwu lililonse chapansipansi. Pamene sanamvetse ankaima, n'kubwereranso. Bambo anakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Werenga, mwanangu," anatero. "Ine sindikupita kulikonse."