Kingsley Anatsalira M'chitokosi

Sandra anaima pakauntala ya polisi, manja atauma ndi chisanu cha mu Juni. Mchimwene wake Kingsley, wa Fomu 2, anamugwira pamsika akugulitsa kachewere. Foni ya wamalonda wina inasowa, apolisi n'kungotola anyamata onse amene anali pafupi. Anzake anatuluka msanga chifukwa anali ndi abale odziwika. Kingsley anatsalira.

"Bwana, achimwene akuyenera kuyamba mayeso Lolemba," Sandra anadandaula.

"Amene akufufuza nkhaniyi achokapo. Ubwere mawa," anayankha a Ackim, wapolisi wa pakauntalapo, osamuyang'ana n'komwe.

Mawa lakelo yankho linali lomwelo. Sandra ankabwerera kwawo ku Lobi wapansi, n'kupeza mayi ake odwala atakhala pakhonde, maso ali kunjira. Bambo awo anamwalira kalekale. Amalume awo anakana kupita kupolisiko, ati angawatsekerenso iwowo. Tsiku lina apolisi anamulola Sandra kumuona Kingsley pa kawindo. Anali atawonda, akutsokomola, pakati pa akuluakulu osawadziwa.

"Usawauze amayi mmene ndikuonekeramu," iye ananong'ona.

Mayeso anayamba, mpaka anatha. Sandra analeka kupempha. Ankangosiya chakudya n'kumapita.

M'mawa wina, mayi wina wonyamula chikwama chakuda anamupeza akulira kuseri kwa mpanda. Anali a Zilole, loya wa boma wothandiza anthu osauka, ndipo anali atabwera kudzatsatira mlandu wina. Atamva nkhaniyo, anamugwira Sandra dzanja n'kulowa naye.

"Kingsley ameneyu anaonekerapo kukhoti?" anafunsa a Zilole.

"Ayi, mayi," anatero a Ackim.

"Umboni woti anaba ulipo?"

A Ackim ananena motsitsa mawu kuti foniyo inapezeka kale, mwini wake anaiiwala m'minibasi.

"Ndiye mwamusungiranji, komanso pamodzi ndi akuluakulu?"

"Panalibe wondilamula kuti ndimutulutse."

Pofika masana Kingsley anali panja, akuphethira ndi kuwala kwa dzuwa.

"Anzanga alemba kale?" anafunsa.

Sandra anangogwedeza mutu. Kingsley anakhala pansi pafumbi, n'kubisa nkhope m'mawondo.

"Pepa mwanawe, ndafika mochedwa," anatero a Zilole.

A Ackim anali ataima pakhomo, makiyi ali m'manja. Anamuyang'ana mnyamatayo kwa nthawi yaitali.

"Mayi, musapite kaye," anatero a Ackim. "Muli ana enanso awiri mkatimu."