Chiletso Ayanika Nkhwani pa Hita

Chiletso anali ndi kadimba. Kadimbako kanali kuseri kwa nyumba yawo, ku Rotherham, kutsidya kwa nyanja. Kanali kakang'ono zedi. Mphaka akagonamo, mchira unkatsala kunja.

M'kadimbamo Chiletso anadzala maungu. Maunguwo sanabereke. Koma masamba, eee! Masamba anali mbwee.

Chiletso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amayi ake azidya.

Amayi anali oyembekezera. Nyama ankaikana. Nsomba ankaikana. Mazira, osayerekeza n'komwe. Koma nkhwani ankadya mpaka kupukuta mbale.

Mwezi wa Okutobala unafika. Mayi Joan a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Anayankhula m'Chingerezi.

"Chisanu chikubwera, mwanawe. Masamba onsewa afa."

Chiletso anathamangira kwa abambo ake, a Hudson.

"Adadi, nkhwani akafa, amami azidya chiyani?"

Anatsegula firiji. Firiji inali yodzaza. Munali nyama. Munali nsomba. Zonse zija amayi anakana.

Abambo anaseka. "Firiji ya chiyani? Ine ndinakula popanda firiji. Taona mmene ndilili! Tipanga mfutso."

"Mfutso n'chiyani?"

"Umathyola masamba. Umawawiritsa pang'ono. Umawayanika padzuwa. Akauma, sawola."

Chiletso anayang'ana kumwamba. "Dzuwa lake liti?"

"Iwe, dzuwa ndi limodzi," anatero abambo. "La ku Mchinji ndi lomweli."

Chiletso anathyola masamba. Abambo anathyola masamba. Mayi Joan anatong'ola maso.

"Mumadya masamba? Ine ndimataya!"

Mayi Joan anathyola masamba a maungu awo. Anawadutsitsa pampanda. Iwo anatsala ndi dzungu lalikulu. Anati alisema maso ndi mano, aliike pakhomo.

Abambo ananong'ona. "Wamva, Chiletso? Ndiwo kutaya. Dzungu kuyika pakhomo ngati mlonda."

"Adadi, akumvanitu."

"Chichewa achimvera kuti?"

Anasadzula masamba, kuchotsa timinga take. Anawadula. Anawawiritsa pang'ono. Kenaka anawayala pansalu, patebulo la panja.

Dzuwa linatuluka. Linasuzumira. Linabwerera.

Mvula inayamba.

"Lowetsa!" anakuwa abambo.

Chiletso analowetsa.

Mvula inasiya.

"Tulutsa!"

Chiletso anatulutsa.

Lowetsa. Tulutsa. Lowetsa. Tulutsa. Miyendo ya Chiletso inatopa. Masamba sanaume.

Dzuwa la ku Rotherham ndi laulesi. Limadzuka mochedwa. Limaweruka msanga. Masiku ena silibwera n'komwe kuntchito.

Mawa lake mvula inagwanso. Masamba ena anayamba kununkha. Chiletso anawataya. Mtima unamuwawa.

Tsiku limenelo amayi anangomwa tiyi. Anavala yunifolomu yawo ya unamwino. Anapita kuchipatala ndi njala.

"Musadandaule, bambo a Chiletso," anatero potuluka. "Ndikadya bisiketi."

Bisiketiyo anabwera nayo m'thumba.

Abambo anakanda m'mutu. "Dzuwa lakuno landichititsa manyazi."

Chiletso anakhala pansi pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba. Pa hitapo panali masokosi ake a kusukulu. M'mawa anali onyowa. Anawagwira. Anali ouma gwa!

Anawagwiranso. Ouma gwa!

"Adadi! Masokosi auma!"

"Zikomo kwambiri," anatero abambo. "Tiwatendere?"

"Ayi, adadi! Hita yaumitsa masokosi. Iumitsanso nkhwani."

Abambo anayang'ana hita. Anayang'ana Chiletso. Anayang'ananso hita.

"Nzeru zimenezi watengera ine," anatero.

Chiletso anachotsa masokosi. Anapukuta hita. Anatenga mawaya a mu uvuni. Anayalapo nsalu zoyera. Anayala masamba, osaunjika.

Hita ya pabalaza inalandira nkhwani. Hita ya kukhitchini inalandira nkhwani. Hita ya kuchipinda inalandira nkhwani. Thalauza la abambo linasowa poyanika.

Chiletso ankatembenuza masamba m'mawa. Ankatembenuza akaweruka kusukulu.

Nyumba yonse inamveka nkhwani. Makatani, nkhwani. Mapilo, nkhwani. Jekete la abambo, nkhwani.

"M'basi lero bambo wina amandinunkhiza," anatero abambo. "Ndamuuza kuti ndi perefyumu wa kwathu."

Amayi anaseka mpaka kugwira mimba.

Masamba anafota. Anachepa. Anada pang'ono. Chiletso anafinya limodzi. Linati tswa!

"Auma!" anakuwa. "Amami, auma!"

Anawaika m'mabotolo. Anatseka zolimba. Anawandandalika pamwamba pa kabati.

Kenaka chisanu chinabwera. M'mawa udzu unali mbuu. Kadimba konse kanada bii. Sipanatsale tsamba ndi limodzi lomwe.

Chiletso anayang'ana pawindo. Sanalire.

Mwezi wa Disembala unafika. Kunja kunazizira koopsa. Chiletso anatsitsa botolo limodzi. Abambo anaviika mfutso m'madzi. Masamba aja anafufuma. Anathira tomato. Anathira mchere. Chiletso anathira chiponde cha mushopu.

Amayi ananunkhiza. Chiletso anawayang'anitsitsa. Kodi akana?

Amayi analawa. Anatseka maso. Analawanso.

"Wa ku Mchinji weniweni," anatero.

Anadya. Anadya. Anapukuta mbale.

Mwadzidzidzi amayi anati, "Ha!" Anagwira dzanja la Chiletso. Analiika pamimba pawo.

Gu! Mwana anaponda. Gu! Anapondanso.

"Akuti chiyani?" anafunsa Chiletso.

"Akuti onjezerani," anatero abambo. Koma mbale imene anatambasula inali yawo.

Chiletso anatenga chipande. Anadzaza mbale ya amayi. Kenaka anapatsa abambo zokanda pansi pa poto.