Wolima M'munda wa Mabomba

Madzulo amenewo Sajeni Pyo Dal-su anadya mpunga wake wozizira ali chiimire, akutukwana. Chinali chaka chachiwiri cha nkhondo ya ku Korea, ndipo gulu lawo linali litatha miyezi itatu m'ngalande za paphiri.

Ntchito ya Pyo inali yokwirira mabomba m'munda wa m'munsi mwa phirilo, kuti adani asakwere. Koma masiku anayi otsatizana, kukacha ankapeza mabomba onse atafukulidwa, ataunjikidwa bwinobwino m'mphepete mwa munda. Lophulika panalibe.

"Iwe Pyo, umakwirira mabomba kapena mbatata?" anakalipa mkulu wawo, Lefutenanti Ok. "Akabwera anthu aja tidzawagenda ndi nsapato?"

"Bwana, ndimakwirira ndi manja angawa."

"Ndiye lero ukagone pomwepo, uwalondere."

Pyo anakwiriranso makumi atatu, zala zikuchucha magazi. Anagona chafufumimba kuseri kwa waya waminga, mfuti ili m'manja. Matope anamulowa mpaka m'makutu. Nsabwe zikumudya. Mizinga ikugunda chapatali.

Kenako anamva kabelu ka ng'ombe.

M'kuwala kwa mwezi munatulukira ng'ombe ikukoka pulawo. Pambuyo pake panali bambo wokalamba wovala zoyera. Ankati akafika pamene pali bomba, n'kuwerama, n'kulizula, n'kukaliika pambali, n'kupukuta manja pamalaya.

"Imani pomwepo! Ndiwombera!"

Bamboyo sanacheuke. Pyo anawombera katatu. Ng'ombe sinagwedeze n'khutu lomwe.

"Ha, miyala yachuluka chaka chino," anadandaula wokalambayo, nazula bomba lina.

Pyo sanadziwe m'mene anakwerera phiri. Atafotokoza, Lefutenanti anamuwomba khofi.

"Zipolopolo zitatu kuwombera tulo tako! Kwirira ena. Usiku uno ndipita ndekha."

Anapitadi. Kutacha, anamupeza pakati pa munda atagwada, alibe nsapato, mfuti ili uko. Khosi ndi mapewa zinali zitanyuka ngati za ng'ombe yogona m'goli. Munda wonse unali utalimidwa mpaka pawaya. Anamunyamula kupita naye kuchipatala. Ankangopuma wefuwefu.

Masana omwewo lamya inalira kuchokera kulikulu: kwirirani makumi asanu kusanade. Pyo anamenyetsa chisoti chake pansi.

Bambo Bang, munthu wa m'mudzi wa m'chigwamo amene ankawasenzera zipolopolo, anatula katundu wake namuyandikira.

"Mukuvutika chabe, a Sajeni," ananong'ona. "Ameneyo ndi Gil, mwini munda. Mzinga unamupeza akulima chaka chatha, iye ndi ng'ombe yake."

"Chabwino, wamaliza kulima. Atisiya tsopano?"

Bambo Bang anayang'ana ngalande zonse, anyamata akugona m'menemo atakumbatira mfuti.

"Wamaliza? Munda wa Gil sunathere pawaya paja ayi. Muno mukugonamu ndi m'munda mwake momwe."