Makandulo a M'munda wa Émile

Chinthu choyamba kusowa chinali bokosi la machesi. Odile ankadziwa bwino lomwe pamene analisiya, chifukwa anali mayi woti ngakhale supuni ikasuntha amafuna kudziwa kumene ikupita. Analiika m'kabati ya pamwamba pa mbaula ya gasi, pambali pa khofi. M'mawa kabatiyo inali yotseka bwinobwino, khofi analipo, koma machesi aatali aja munalibe.

"Madala, mwawaonako machesi?"

Norbert, mwamuna wake, anangotembenuka m'bulangete n'kutsokomola. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka kusanache anali gone dzuwa litakwera kale.

Galimoto yogonamo imene analimoyo inali ya hayala, ya masabata awiri. Odile anatha miyezi yonse yozizira akukonza ulendowu patebulo la kukhitchini kwawo ku Nantes, mapu ali mbwee, akulemba m'kope: usiku umodzi kufupi ndi Chablis, awiri ku Beaune, kenako Alsace. Norbert ankamutcha abwana a mapu. Koma ulendowu unali wa Norbert yemweyo. Anagwira ntchito m'minda ya mpesa ya anthu ena zaka makumi anayi, kudulira, kumangirira ndi kukolola, mpaka mtima unamugwetsa pakati pa mzere chaka chathachi. Atamuchita opaleshoni, madokotala anamuletsa kunyamula zolemera, kukwera zitunda ndi kuzizidwa. Odile anati munthu amene waweramira mpesa moyo wake wonse akauoneko ali chikhalire, tambula ili m'manja. Mantha ake anali amodzi okha, ndipo sankawatchula: kubwerera ku Nantes akuyendetsa yekha galimotoyo.

Anaima pabwalo la Mayi Huguette, mlimi wa mpesa wachikulire amene anawalandira dzulo lake ndi vinyo woyera ndi tchizi. Amuna awo, a Émile, anamwalira mu Januwale. Kamunda kawo kanayambira kuseri kwa shedi n'kukwera chitunda, kukathera pamtengo waukulu wakale.

"Wailesi yati chisanu chibwera mausiku atatu," anatero mayiwo madzulo amenewo. "Mphukira zatuluka kale. Zikangowauka, chaka chatha. Woyandikana nane wandiyalira makandulo m'mizere yonse, koma kuyatsa sangathe, naye ali ndi munda wake. Ine ndi chiuno changachi, sindingafike n'komwe kuseri kwa shedi."

Makandulowo ndi zitini zikuluzikulu za sera zomwe alimi amayatsa pakati pausiku kuti kamphepo kofunda kateteze mphukira. Norbert anatembenukira kumundako. Anangoyang'ana chitundacho nthawi yaitali, vinyo akufunda m'manja.

Tsopano kunali kutacha, nthawi yonyamuka itakwana malinga ndi kope, koma Norbert anati mutu ukumulemera. "Abwana, tigonenso pompano lero. Beaune sathawa."

Odile anang'ung'udza, nafufuta m'kopemo, natsikira kumudzi kukagula buledi ndi machesi ena. M'sitolo ya bulediyo munali amayi awiri oyankhula chonong'ona, mtundu wa kunong'ona kofuna kuti aliyense amve.

"Mwamva? Munda wa Émile unayaka usiku wonse."

"Wayatsa ndani? Huguette sangakwere kumene kuja."

"Bertin, woyandikana naye uja, anauona ali m'munda mwake. Akuti moto unayambira kumtunda, pamtengo paja, n'kumatsika mzere ndi mzere."

"Mmene ankachitira malemu."

"Ndipo akuti kunkamveka mluzu."

Mwini sitolo anasiya kukulunga buledi. "Émile sankayatsa kandulo osaimba mluzu," anatero motsitsa mawu.

Odile anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu, ndipo sankakhulupirira chinthu chopanda sitampa. Anatuluka akuseka chamumtima. Komabe pobwerera, podutsa pa shedi, anaona zitini zija zitadetsedwa ndi mwaye kuchokera pansi mpaka pamtengo, ndipo anafulumizako mapazi osadziwa chifukwa chake.

Usiku Odile ankagona pabedi la pamwamba pa mpando wa dalaivala, Norbert pabedi la kumbuyo. Kuyambira chaka chomwe anakwatirana, ankagona atatseka makutu ndi thonje, chifukwa nkonono wa Norbert unali wodzutsa ndi agalu a eni ake omwe. Choncho usiku wachiwiriwo sanadzutsidwe ndi phokoso. Chimene chinamudzutsa n'kugwedezeka kwa galimoto, pang'ono chabe, monga imachitira munthu akaponda pa sitepe.

Munali mdima wandiweyani, ndipo kuzizira kunali kutalowa mpaka m'mafupa. Odile anadikira. Galimoto sinagwedezekenso. Anasuzumira kumbuyo, ndipo anaona thupi la Norbert litafunda bulangete mpaka kumutu. Kenako anakoka katani wa kawindo kake pang'onopang'ono, n'kupukuta nthunzi ndi chala.

Kumunsi kwa munda sikunkaoneka chifukwa cha shedi, koma kumtunda kunali poyera. Pansi pa mtengo uja panali kamoto kamodzi. Ali chiyang'anire, panabadwa kachiwiri, patsogolo pang'ono. Kenako kachitatu. Moto unkayenda mofatsa, mwa munthu wodziwa ntchito yake, kufika kumapeto kwa mzere n'kutembenukira mzere wina. Odile anatong'ola maso kufuna kuona woyatsayo, mwina tochi, mwina chithunzithunzi cha munthu wowerama. Sanaone aliyense.

Anachotsa thonje khutu limodzi. Kutali, m'mphepo yozizirayo, kunkamveka mluzu wopyapyala, kanyimbo kafupi kobwerezabwereza, kakusiya, kakuyambiranso. Tsitsi linamuyenda. Anabwezera thonjelo msangamsanga, nafunda kumutu ngati mwana, ndipo mayi wa ku positi ofesi uja anapemphera koyamba m'zaka zambiri.

M'mawa Norbert anali woipirapo. Nkhope inali itatuwa, maso atalowa, manja ali zii ngati chitsulo. Buledi anangomunyema n'kumusiya. Majombo ake pansi pa bedi anali onyowa, ndipo iye anati mwina mame analowa pakhomo. Machesi atsopano aja nawonso anali atachepa.

"Tikubwerera kwathu," anatero Odile. "Galimotoyi tikaibweza mawa, inu mukaonane ndi dokotala. Beaune, Alsace, zonsezo zikhale."

"Mwakonza ulendowu miyezi itatu, abwana."

"Ndinakonzera anthu awiri."

Norbert anamugwira dzanja. "Usiku umodzi wokha. Lero sindingathe kukhala pamsewu tsiku lonse. Mawa mundipititse kulikonse kumene mufuna."

Odile anavomera, poona kuti munthuyo analidi wofooka. Koma masana onse panali chinthu chomwe chinkamuluma mumtima osachigwira. Anachigwira madzulo akutsuka mbale. Usiku uja anamva mluzu wochokera kumtunda kwenikweni kwa munda. Iye akanaumva bwanji zikanakhala kuti Norbert ankaliza nkonono pafupi pomwepo? Ndiye kuti nkonono kunalibe. Ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa mizukwa yonse ya m'mudzimo.

Usiku wachitatu sanatseke makutu. Anagona chagada akumvetsera nkonono uja, umene anakhala akuudandaula zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo unali kumukomera ngati nyimbo. Wotchi ya kutchalitchi inalira kamodzi. Kunja udzu unayamba kuthetheka ndi chisanu. Anazindikira kuti tulo tamuba pamene anadzidzimuka, galimoto ikumaliza kugwedezeka.

Munali zii. Kunkangomveka kafiliji kakung'ung'uza pakona.

"Norbert," ananong'ona. "Madala."

Thupi lofunda bulangete lija silinasunthe. Odile anatsika makwerero. Masitepe anayi ochoka pamenepo kukafika kumbuyo anali aatali kuposa msewu wonse wochokera ku Nantes. Anatambasula dzanja, nagwira phewa, ndipo phewalo linabonyoka. Anali mapilo awiri ndi chikwama cha zovala.

Poyamba analira chifukwa cha chimwemwe, poti sanali maliro. Kenako mkwiyo unabwera, ndipo unamuveka jekete ndi nsapato mofulumira kuposa mantha.

Kunja kuzizira kunamuluma m'mphuno. Mpweya unkanunkha utsi wa sera, ndipo zitunda zonse za m'chigwacho zinali ngwee ndi timoto ta alimi ena. Anazungulira shedi. Mizere ya kumunsi inali ikuyaka kale, ndipo pa mzere wachisanu anapeza munthu atakhala pachitini chovundikira, atavala zijuzi ziwiri, akupuma movutikira, machesi ali m'manja.

"Ndiye mzukwa wa m'mudzi muno ndinu?" anatero Odile chonong'ona.

Norbert anakweza mutu ngati mwana wogwidwa akuba shuga. "Thonje mwalisiya kuti, abwana?"

"Musandiseke. Ndagwira pilo ndikuyesa ndagwira maliro anu. Mukufuna mundisiye pamunda wa eni ake, ndi galimoto ya eni ake?"

"Pepani. Pepani ndithu." Anapumira kaye. "Koma mphukira zija munaziona? Zanthete ngati makutu a khanda. Chaka chathunthu, Odile, mwandisunga ngati dzira, ndipo ndikuthokoza. Koma ndimadzuka m'mawa osadziwa kuti ndadzukiranji. Mausiku awiriwa ndazizidwa, ndatopa, chifuwa chikuwawa, komabe ndakhala munthu."

Odile anamuyandikira akufuna kukalipa. Anamuyang'ana pa kuwala kwa kanduloyo, ndipo anaona kuti m'nkhope yotuwayo maso anali amoyo kuposa mmene anawaonera chichokereni kuchipatala. Anamukonda kwambiri panthawi imeneyo, ndipo anamukwiyirabe. Anavula sikafu yake n'kumukulunga m'khosi, kenako anamulanda machesi.

"Mukhale pomwepo. Mukangodzuka ndikukaitana ambulansi. Muzindiuza chochita, ndiziyatsa ndine. Yatsala mizere ingati?"

"Itatu. Mpaka pakati basi."

"Nanga kumtundako?"

Norbert anayang'ana chitundacho. "Kumtunda sindinafikeko. Miyendo inakana kuyambira usiku woyamba."

"Musaname. Dzulo ndinaona ndi maso angawa moto ukuyambira pamtengo."

"Nanenso ndinauona."

Odile anatembenuka pang'onopang'ono. Pansi pa mtengo waukulu uja kamoto kamodzi kanali katayaka. Kanabadwa kachiwiri, kenako kachitatu, ndipo mluzu wopyapyala uja unatsika chitundacho mpaka pamene anali.

"Ndani ameneyo?" anafunsa, milomo yokha ikugwedezeka.

"Sindinafunse," ananong'ona Norbert. "Amagwira ntchito bwino. Timakumana pakati, ine ndikafika ndimapeza mzere wotsatira ukuyaka kale. Tiyeni, abwana, chisanu sichidikira."

Odile anayatsa mizere itatuyo zala zitauma, Norbert akumulangiza chapansipansi kuti atchinge mphepo ndi thupi. Sanayang'anenso kumtunda. Atayatsa chitini chomaliza, anaona kuti cha mzere wotsatira chinali chikuyaka kale, patali ngati mikono iwiri kuchokera pamene anaima. Mluzu unali utasiya. Osadziwa chomwe chinamuchititsa, anati, "Zikomo," ndipo anabwerera kwa mwamuna wake osathamanga, ngakhale miyendo inkafuna.

Dzuwa litatuluka mphukira zinali zobiriwira. Odile akutsegula chitseko kuti akhuthule madzi, anapeza pa sitepe bokosi la machesi, loyamba lija, louma bwinobwino.

"Limenelo ndinalitaya usiku woyamba," anatero Norbert ali pabedi. "Ndinalifuna mpaka kutopa, n'kumaliza ndi laitala ya m'galimoto."

Mayi Huguette anali akubwera ndi ndodo yawo, botolo la vinyo lili m'khwapa. "Amuna anuwa ndinkawaona pawindo akupita kumunda usiku," anatero kwa Odile. "Ndinafuna kukuuzani, koma ndinachita dyera ndi mphesa zanga. Mundikhululukire." Kenako maso awo anagwera pa bokosilo. Analitenga n'kulitsegula. Munali timitengo topsa tokhatokha, toyalidwa bwino, mitu mbali imodzi.

Anasisita bokosilo ndi chala.

"Émile sankataya zinyalala m'munda," anatero. "Ndipo cha mwini ankabweza."

Anapereka bokosilo kwa Odile, koma iye sanalilandire. Anawapinditsa zala mayiwo kuti alisunge.

Ananyamuka cha m'ma teni. Odile ndiye ankayendetsa, ndipo m'kope mwake anali atalemba kuti ayambe wadzera kwa dokotala asanalowere ku Beaune. Asanamalize ngakhale kutsika chitunda, Norbert anali atagona pampando wa pambali pake, pakamwa pali yasa, nkonono ukugwedeza matambula m'kabati. Odile anapisa dzanja m'thumba la jekete, napeza thonje lija, natsitsa galasi n'kufuna kuliponya kunja. Kenako anayang'ana mizere ya mpesa m'mbali mwa msewu, nalibwezera m'thumba, ndipo anazimitsa wailesi kuti azimumva bwino.