Akamwini a ku Macheke

Anakumana pa Kamunhu, pomwe anthu a ku Mabvuku, mu Harare, amadikirira maminibasi otchedwa makombi. Effie anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo tsikulo ankakangana ndi amayi ake pafoni, Chichewa pang'ono, Chishona chambiri.

Atangodula foni, mnyamata wina anasuzumira pawindo la kagalimoto konyamula ndiwo zamasamba.

"Chiphadzuwa, ukudziwotcheranji padzuwa? Kwera ndikakutule."

Effie anacheuka. Chichewa chosalala chotere pakamwa pa mnyamata wa mu Harare?

"Ndinu a kwathu?"

"Ndine Panashe, Mshona weniweni. Koma mtimawu ndi wa kwanu."

"Nanga Chichewacho munachitola kuti?"

"Pamsewu, mayi. Msewu ndi sukulu."

Effie anaseka, n'kukwera. Chichewa chake iye chinali cha kukhitchini: bweretsa madzi, tseka chitseko, usiye mwano. Sanadziwe kuti chilankhulo chomwe ankakalipiridwa nachocho chingathenso kunyengerera munthu!

Sabata isanathe, uthenga unalowa: "Duwa langa, Disembala uno ndikudyetsa Zimbabwe yense, dera ndi dera. Ndalumbira."

Ndipo anayambadi. Loweruka lililonse Panashe akamapita kokapikula katundu, Effie ankakhala pampando wakutsogolo, phazi pawindo. Ku Domboshava anakwera thanthwe kukaona nyama zomwe anthu akale anajambula m'phanga, potsika n'kudya chimanga chowotcha. Ku Murewa anamulawitsa mphalabungu zokazinga mpaka tsabola anamukhetsa misozi. Kupitirira Marondera anagula mbale ya zipatso zomwe Effie ankazidziwa kuti mazhanje.

"Kwanu amati masuku," anatero Panashe, akumuika limodzi pakamwa. "Ubwereze."

"Masuku."

"Ehe! Ndikadzakukwatira, ana athu adzayankhula bwino kuposa mayi wawo."

Ndani sakanakhulupirira?

Koma panali malo amodzi omwe Effie ankawalakalaka. Malemu bambo ake, a Zakaria, anabadwira pa famu ya fodya ku Macheke, komwe agogo ake anafika wapansi kuchokera ku Dedza. Nthawi zonse Effie akatchula Macheke, Panashe ankakweza wailesi.

"Ku Macheke kuli chiyani? Fumbi lokhalokha," anatero Panashe tsiku lina akudutsa komweko.

"Mvula yonseyi fumbi? Lero mukapanda kuima, nditsika galimoto ikuyenda!"

Panashe anaima, koma chapatali, pafupi ndi zigafa zakale zouma fodya. Effie anathamangira komweko. Njerwa zinali zakuda ndi utsi wa kalekale, madenga atagwa, mbuzi zikubisala mvula m'kati. Anagwira khoma. Kodi bambo ake anasewerapo pano ali mwana?

Pobwerera anapeza mayi wina wogulitsa bowa ndi thobwa atafika pagalimoto. Mayiyo anali atagwada, akuyankhula nkhope atayang'ana kumbali.

"Akamwini, mpaka kutidutsa ngati alendo?"

Panashe anali atavula chipewa, mutu uli pansi. Effie anali asanamuonepo choncho.

Mayiyo ataona Effie anamwetulira. "Mwanyamula wamatola? Imwa thobwa, mwanangu, ulendo ngwautali." Kenaka anapereka dengu la bowa kwa Panashe. "Uyu ndi wa kunyumba."

Thobwalo linali lozizira, lotsekemera, longa la malemu azakhali ake. Effie anamwa chikho chonse.

"Akamwini ndiye kuti chiyani?" anafunsa atabwerera mumsewu.

Panashe anatsokomola. "Mwini. Mwini galimoto, mwini zinthu. Ndi ulemu chabe."

"Ndiye ndinu akamwini anga, poti ndinu mwini mtima wanga!"

Panashe sanaseke. Effie sanalabadire. Anatenga foni, nafufuta dzina loti Panashe, n'kulemba latsopanolo, kamtima kofiira kumapeto.

Lolemba m'mawa mipopi inali youma monga mwa masiku onse. Effie ndi amayi ake anali pamzere wa kumjigo, zigubu zili mbwee. Foni inalira m'manja mwake, amayi n'kuponyapo diso.

"Iwe, unabereka liti mwana woti n'kukwatiwa?"

"Mhamha, mukuti chiyani?"

"Palembedwa kuti 'Akamwini anga'. Ndani ameneyo?"

Effie anachita manyazi, koma anaulula. Za Panashe, za maulendo, za Macheke, za mayi wa thobwa. Ankayembekezera kukalipiridwa. Amayi anangotsitsa chigubu pansi pang'onopang'ono.

"Mayiyo anagwada?"

"Ee."

"Osamuyang'ana kumaso?"

"Ee, Mhamha. Ndi ulemu wa mwini galimoto."

"Mwanawe." Mawu a amayi anatsika kuti a pamzere asamve. "Mkamwini ndi mwamuna amene wakwatira mwana wako. Amene uja ndi mpongozi wake. Bowa uja amapita kwa mkazi wake."

Effie anadikira kuti mtima uwawe. Sunawawe. Anadikira misozi, osabwera. Ankangomva mjigo ukulira kwii, kwii, ndi ana akukanganirana malo. M'kamwa munabwerera kukoma kwa thobwa lija.

Tsono Chichewa chija sichinali cha pamsewu. Duwa langa, chiphadzuwa, masuku: onsewo anali mawu a m'nyumba ya mkazi wina. Wina anakhala naye pamphasa, kumuphunzitsa liwu ndi liwu, kumuseka akalakwitsa. Iye Effie ankangodya makombo.

"Ndinalakwa ndine," anatero amayi. "Ndinakuphunzitsa Chichewa chotumira madzi chokha."

Foni inaliranso.

"Duwa langa, Loweruka lino ndi ku Nyanga. Kuli nsomba za m'madzi ozizira ndi malinga amiyala a anthu akale. Uvale juzi."

Effie anauwerenga kawiri. Kenaka analemba yankho.

"Akamwini, bowa uja anafika kwa mwana wa mayi aja?"

Uthenga unawerengedwa nthawi yomweyo. Pamwamba panaoneka kuti Panashe akulemba. Kenaka anasiya. Anayambanso. Anasiyanso.

"Asisi, ndi nthawi yanu, mzere ukudikira!" anakuwa wina kumbuyo.

Effie anaika foni m'thumba, natchera chigubu, n'kugwira chitsulo cha mjigo. Anapopa, napopa. Chigubu chinadzaza, madzi n'kuyamba kusefukira pamapazi ake, iye osaleka, mpaka amayi ake anabwera kudzamugwira dzanja.